Nyimbo Yachitatu ya Eustace

Eustace ankaliza chimbale chake choyamba cha rapu pamsika wa Chimbiya pamene botolo linamuswekera pachipumi. Anagwera pamatumba a kachewere, nyimbo yachitatu ili mkati.

Womumenyayo anali bambo ake omupeza, a Ephraim.

"Ukuimba za ine, galu iwe? Zimitsani!"

Alile, mlongo wake wa Eustace, anaima pakati pawo atakumbatira sipika.

"Nyimbo zinazo n'zabodza, bambo. Achimwene alibe mfuti, alibe galimoto, akungodzitama. Koma iyi ya mano a amayi amene munagulula, sanawonjezepo kanthu."

A Ephraim anamuwomba mbama. Alile analavula magazi, n'kukweza sipika mpaka pamapeto.

Azimayi ogulitsa tomato anamvetsera mawu onse. Kenako anasiya malonda awo n'kuwazungulira a Ephraim, miyala ili m'manja.