Dzina m'Kabuku ka Shushushu

Gilson anamva phokosolo ali pamzere wa chakudya chamasana, mbale ili m'manja. Kuseri kwa nyumba zogona anyamata kunali kutagwidwa shushushu, kazitape wa boma, ndipo aliyense ankathamangira komweko.

Iye sanafune kupitako. Miyezi itatu pa yunivesite inali itamuphunzitsa kuti achaka choyamba amayenda chozemba. Akuluakulu ankawatcha matusa, kuwatuma ngati ana awo, kuwalanda mipando. Gilson ndiye ankamuseka mowonjeza chifukwa cha thalauza lake la kusekondale lolekeza pamwamba pa akakolo. Tsiku lililonse wina ankamufunsa ngati akuwoloka mtsinje wa Kafue. Pofuna kudzikweza, ananama kuti kwawo ndi kumayadi ku Kabulonga. Ku Kabwata kumene anakulira anasiya kupondako, ndipo kalata imodzi yokha imene analembera kwawo inali yodandaula za thalauzalo ndi kuletsa aliyense kudzamuona.

Koma anamva dzina lake likuitanidwa. Woitanayo anali Dunstan, wachaka chachinayi, mtsogoleri wa zionetsero, munthu amene kuyambira kale sanamupatseko ngakhale moni.

Gilson anapitako. Sabata yapitayo ophunzira anatseka msewu, ndipo iyenso anaponya miyala iwiri kuti anzake amuone. M'mawa mwake anyamata anayi anatengedwa ndi apolisi, ndipo sukulu yawo inathera pomwepo. Masiku amenewo a chipani chimodzi sunkakhulupirira ngakhale mnzako wogona naye chipinda.

Shushushuyo anali gone pafumbi. Anali atamukulunga mutu ndi jekete lake lomwe, mikono ya jeketelo ataimanga m'khosi kuti asaone nkhope za omumenya. Nsapato imodzi inali itagwera uko. Ankalankhula ndithu, koma mawu ankathera m'nsalu. Kunsi kwa mimba anali atakumbatira phukusi la pepala, ndipo ngakhale ankamuponda zala sanalisiye.

Dunstan anafotokoza kuti munthuyo anamupeza akugogoda chitseko ndi chitseko, kufunsa kumene Gilson amagona. M'thumba anamupeza ndi pensulo ndi kabuku kodzaza maina, dzina lililonse lili ndi manambala achinsinsi. Anawerenga mokweza: Kabamba, 34, 41. Khamu linabangula, poti Kabamba anali mmodzi wa otengedwa aja. Kenako anatsegula tsamba lomaliza.

"Gilson, 30, 42. Iwe mwaiche, kamwana iwe, mawa unali kuyenda monga Kabamba. Manje uzachita chani?"

Gilson anayang'ana kabukuko. Zaka zonse zowerengera pa kandulo, n'kuthera m'kabuku konyansa aka? Akabwerera ku Kabwata chimanjamanja akawauza chiyani anthu? Mantha ake anasanduka ukali. Wina anamupatsa mwendo wa mpando, iye n'kuulandira ndi manja awiri.

"Ndiwe unali kunifuna? Ndine pano!"

Atangomva mawuwo, munthu uja anasiya kuphiriphitha, nasiyanso kulankhula. Gilson anati basi, wavomera mlandu.

Anamumenya m'nthiti. Anamumenya pamsana, m'mawondo, paphewa, mpaka china chake chinalira kuti thyoo pansi pa malaya. Anzake aja anabwerera m'mbuyo n'kumusiyira bwalo. Magazi anayamba kudutsa m'jekete, koma mwana wa eni ake sanaleke, thukuta lili kamukamu, mano ali gwa. Abale, mantha ndi chilombo! Mnyamata amene kwawo ankathawa pophedwa nkhuku, lero ankalunjika mutu wa munthu.

Ndipo zinamukomera, tisabise. Kwa nthawi yoyamba palibe anayang'ana thalauza lake. Khamu linkaimba dzina lake, atsikana ali m'mazenera, ndipo Dunstan mwiniwake anamugwira paphewa n'kumutcha mwaulemu kuti ba Gilson pamaso pa onse, nanena kuti kuyambira lero uyu si matusa ayi.

Chinatsala n'phukusi lija. Onse ankati muli kamera kapena makalata opita kwa mabwana ake. Gilson anakweza mtengo uja n'kuutsitsa pa dzanja lokumbatiralo. Zala zinatambasuka. Anakoka phukusilo, nang'amba pepala kuti khamu lione.

Munali thalauza. Latsopano, lakuda, lalitali bwino, lositidwa mpaka mzere wake, choko cha telala chikuonekabe m'mphepete. Pansi panagwa tepi yoyezera, yachikasu, yothothoka kumapeto, yomwe Gilson ankasewera nayo ali mwana pansi pa makina osokera a atate ake mumsika wa Kabwata.

Anagwada, namasula mikono ya jekete ija. Atate ake anatsegula diso limodzi lotsalalo, namuyang'ana kuyambira kumapewa mpaka m'chiuno.

"Waonda, mwana wanga," anatero, magazi akutsika pachibwano. "Saizi 30 ija ya m'kabuku yakukulira. Ubwele nalo kunyumba nikalibweze m'chiuno."