Zidendene za Boma

Lamulo latsopano linkati mwala uliwonse wogwa kuchokera kumwamba ndi wa boma. Woyeza miyala wochokera kuboma atalowa kubafa kwa Felesiya, kamakina kake kanalira pamwala wokwechera mapazi.

"Mayi, mwala uwu ndi wakale kuposa dziko lino! Muli timibulu ta chitsulo cha titaniyamu tosowa kwambiri. Nanga waperepeseka bwanji chonchi?"

"Zaka khumi ndikukwecherapo, achimwene."

Bamboyo analozetsa kamakinako kumapazi a Felesiya, ndipo kanalira ngati mbuzi yomangidwa. Pompo anadinda zidendene zonse ziwiri chidindo cha boma.

M'mawa mwake amuna ake, a Dzoole, anapeza ndowa zilibe ndi dontho lomwe, Felesiya atasanjika miyendo pamtsamiro.

"Akazanga, madzi osamba bwanji?"

"Kumjigo mukukudziwa, bambo. Katundu wa boma sayenda popanda kalata."