Pampu Yosunga Sabata

"Zimitsa zonse!" anakalipa ba Nicodemus, mkulu wa mpingo ku Chelstone. "M'nyumba mwanga kompyuta sigwira ntchito pa Sabata."

"Ba Tate, pulogalamuyo ndinailemba Lachiwiri," anayankha mwana wawo Malama. "Ndinaipatsa nthawi, imangobwereza yokha. Ine sindikhudza kanthu."

"Ndiye kapolo wako azigwira ntchito iwe uli kutchalitchi? Usandiyese chitsiru!"

Malama anatsegula laputopu mokwiya. Anachotsa Loweruka pa ntchito iliyonse, kuyambira mauthenga opita kwa makasitomala ake mpaka mzere womaliza.

Sabata m'mawa ba Nicodemus anatuluka m'bafa sopo ali kumaso.

"Iwe, madzi ali kuti?"

"Pulogalamu ija ndi imene imayatsa pampu yodzaza thanki m'mawa uliwonse," anatero Malama akumanga tayi. "Lero ikupumula, monga munalamulira."