Tulo ta Masana

A Sinditsitsa sanadikire kuti apatsidwe mpando. Anaukoka okha, nakhazika chikwama pa mulu wa mapepala a mphunzitsi wa Chisipanishi wa pa yunivesite. Anamuuziratu kuti nthawi alibe, sitolo aisiya m'manja mwa mneba amene satha kusiyanitsa msomali wa malata ndi wa matabwa.

Dzinalo amayiwa anawapatsa ndi makasitomala a ku sitolo yawo ya misomali ndi penti, chifukwa akatchula mtengo sankasuntha. Sukulu anaisiyira panjira, koma munthu wa tayi anali asanawapusitsepo.

Nkhani inali ya mwana wawo wamkazi, wa chaka chachiwiri pa yunivesitepo. Pomulola kuphunzira chinenero chimene palibe kasitomala ndi mmodzi yemwe amachilankhula, anapangana chinthu chimodzi: m'mawa ku kalasi, masana ku sitolo, kuti iwo azipumitsa miyendo yomwe inayamba kutupa. Chaka choyamba pangano linayenda. Teremu ino mtsikana anayamba phunziro la chikhalidwe cha ku Sipeini, zinthu n'kusokonekera.

Akangodya nkhomaliro, ankatseka chitseko n'kugona. Akamudzutsa, ankayankhira m'bulangete kuti ku Sipeini anthu amagona masana, ndipo aphunzitsi anati chikhalidwe sachiphunzira ndi maso okha. Kenaka anasiya majinzi n'kuyamba madiresi otaya, akuti ovinira. Guleyo mayi ake anali asanamuonepo. Penti nayo akuti inkamupweteketsa mutu, mutu womwewo wofunika pa mayeso.

Mphunzitsiyo, mnyamata woonda wa magalasi, anatsegula pakamwa kuti awapatse moni. Iwo anakweza dzanja.

"Mwana wanga, tisatayitsane nthawi. Chinenerocho m'patseni chonse, ndinavomera kale. Koma tuloti tichepe."

Anayambira pamwamba monga mwa masiku onse: kugona kutheretu. Ataona mnyamatayo ali duu, anadziwa kuti akumana ndi mnzawo wouma pa mtengo. Anatsikako pang'ono: azigona Loweruka ndi Lamulungu. Mnyamata anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Iwo anatsikanso, zomwe sanachitirepo ngakhale mlamu wawo: ola limodzi, akadzuka ulendo wa ku sitolo. Anaonjezera kuti ngati anthu a ku Sipeiniwo amagonadi dzuwa lili paliwombo, ndiye kuti ali ndi wowagulitsira misomali. Atatero ananyamula chikwama n'kulunjika kukhomo, podziwa kuti wogulitsa aliyense amafewa akaona msana wa kasitomala.

Anafewadi. Anawapempha kuti abwerere, n'kufotokoza mwaulemu kuti m'phunziro lakelo amawerenga mabuku, kuonera mafilimu ndi kukambirana mbiri ya dzikolo. Kugona sanatumepo munthu. Za madiresi ankazimva koyamba.

A Sinditsitsa anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ankadziwa. Ulesi umenewu anauzindikira, unali wa kwa bambo ake a mwanayo. Anayamba kusanja m'mutu mawu okamulandira nawo kunyumba, ndipo miyendo inayamba kupepuka isanapume n'komwe. Kuyambira mawa masana anali awo, osachotsera ngakhale ola lija.

Mphunzitsi ataona nkhope yawo yamasuka, naye anamasuka. Anavala magalasi, n'kuwaperekeza mpaka pakhomo.

"Koma za masanazo musade nkhawa, amayi, tinakonza kale momwe munafunira. Teremu ikubwerayi tamuika m'makalasi a masana. Anatiuza kuti khanda lakelo likabadwa pa holide, m'mawa azikhala nalo yekha, masana inu muzitseka sitolo n'kumulerera. Anati munavomera osavuta."