Bob Ndi Malume Ako

"Clive, Bob ndi malume ako," anatero Mayi Ackroyd atamukoka jekete mwana wawo pakhomo la tchalitchi.

"Zoonadi amayi, zonse zayenda bwino," anayankha Clive uku akukonza tayi.

Kuno ku Bradford mawu amenewa timawanena chinthu chikatheka mosavuta. Ukathira madzi otentha pa masamba a tiyi, basi, Bob ndi malume ako. Palibe amafunsa kuti Bob wake uti.

Koma Mayi Ackroyd ankanena Bob weniweni, wogulitsa nyama, bambo ake a Gemma, mtsikana amene Clive ankamukwatira tsikulo. Dzulo lake mayiwo anali atapeza kalata m'bokosi la malemu bambo awo. Kalatayo inaulula kuti Bob anali mchimwene wa Mayi Ackroyd, mwana wa bambo awo wobadwira kumbali.

"Mwana iwe, tamvetsera! Bob ndi malume ako enieni!"

"Musalire amayi. Inenso sindinkaganiza kuti ziphweka chonchi."

Mwambo uli m'kati, abusa anafunsa ngati panali wodziwa chifukwa choletsera ukwatiwo. Mayi Ackroyd anadzambatuka, chipewa chitapendekeka.

"Bob ndi malume ake!" anakuwa.

Anthu onse anaseka n'kuwomba m'manja.

"Mwawamva amake mkwati," anatero abusa. "Akuti tisachedwe." Pomwepo anawadalitsa awiriwo.

Kumadyerero, Bob anawapeza mayiwo atakhala pakona, keke osaikhudza n'komwe. Anakoka mpando n'kuwanong'oneza.

"Achemwali, musadzivutitse. Ine ndinamuuza Clive kuti 'Bob ndi malume ako' tsiku lomwe anabwera kudzapempha Gemma. Anangondikumbatira n'kundigulira mowa."