Impso ya Dzifa

"Lavula!" anakalipa Tanko, mphunzitsi wa Selorm.

Selorm analavula madziwo pansi. Ankaloledwa kuchukucha m'kamwa basi. Linali tsiku lachiwiri asanamwe dontho, poti oweruza mpikisano wa amuna ojintcha ku Tema amafuna khungu louma, mitsempha yonse ili pamtunda.

Mlongo wake Dzifa anatulukira pakhomo la shedi yonyamuliramo zitsulo, madzi a m'pepala la pulasitiki ali m'manja.

"Achimwene, adokotala anati malita atatu pa tsiku. Zaka ziwiri zija munagona pa makina osefa magazi mwaziiwala kale?"

"Ndikapambana mawa, ndimwa mtsinje wonse wa Volta," anatero Selorm moseka, koma mawu anali atasasa. M'mawawo anali atakodza timadontho tofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo sanauze munthu.

"Mayi, musatisokoneze," anatero Tanko. "Thupili ndi lake."

"Lonse?" Dzifa anakweza bulauzi pang'ono n'kuonetsa chipsera cha m'nthiti. "Impso ili m'mimba mwakeyo inachoka apa, bambo."

Selorm anayang'ana madzi aja, kenako anatembenukira pagalasi n'kufufumitsa mkono. Mkonowo unali usanakongolepo chonchi, ngakhale asanadwale. Dzanja linalo linali litagwira m'chiuno, pomwe panayamba kulasa dzulo lake.

"Mawa, mlongo wanga. Mawa."

Dzifa analuma pepala lija n'kumwa madzi onse yekha, osapumira.

"Ndisamale yotsalayi," anatero akupukuta pakamwa. "Yachitatu ndilibe."