Chimbalangondo cha M'chipinda Cham'mwamba

Mabel ankasita yunifolomu yake pabalaza pamene mwamuna wake Bennet anadutsa ndi thireyi, ulendo wa kumwamba. Pathireyipo panali nsomba ya salimoni, mabulosi ogula kushopu ndi kapu ya mkaka. Salimoni! Chonsecho Mabel, amene ankasambitsa nkhalamba za ku Oadby mpaka msana kuwawa, popita kuntchito ankangonyamula buledi wopaka majarini.

"Mukukadyetsa chiweto chanu?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Akuzike sakupeza bwino," Bennet anayankha, n'kukwera masitepe.

Sakupeza bwino! Wodwala wanji womaliza furiji? Akuzike ameneyu anali msuweni wake wa Bennet, mwana wa amalume ake. Anafika m'nyumba muno ku Beaumont Leys, mumzinda wa Leicester, mu Epulo, ati milungu iwiri yokha, apeze ntchito ndi pogona. Lero ndi Januwale. Mwezi wamawa mayi ake a Mabel akubwera kuchokera ku Lilongwe, viza inatuluka kale, ndipo chipinda cha alendo m'nyumbamo n'chimodzi chokha. Mayi ake adzagone pati, pakapeti? Ayi ndithu. Mabel anali atatsimikiza mtima kuti mlendoyo atuluka lero lomwe.

Pa TV ankaonetsa zimbalangondo za ku Alaska, zija amati grizzly. Chilombo chake chofiirira, linunda pamapewa, zikhadabo kutalika ngati zala za munthu. Chinaima pakati pa mtsinje n'kumawakha nsomba ndi kukamwa. Mzungu wolongosola ankati chisanu chikayandikira, chimbalangondo sichiganiza china koma kudya: nsomba, zipatso zam'tchire, mizu, ngakhale tizilombo ta pansi pa miyala. Kudya mpaka khungu kuthina.

"Ndiye ameneyutu," Mabel anauza simbi yake.

Inde, ndi yemweyo. Kuyambira Seputembala Akuzike ankadya ngati walota chaka cha njala. Ananenepa mpaka zovala zake zonse kumukana. Tsopano ankangokhala m'chijekete cha Bennet, m'mawa ndi madzulo omwe, ati kukuzizira. Kodi ena tonsefe tinabadwira mufiriza?

Mzungu uja anapitiriza. Chikakhuta, chimakumba phanga m'mbali mwa phiri, n'kuyalamo masamba, n'kugona miyezi isanu kapena kuposerapo. Osadya, osamwa, osatuluka ngakhale kukataya madzi.

Apa Mabel anaseka mpaka kuika simbi pansi. Chimbalangondo bola, chili ndi manyazi. Cha m'nyumba muno chimadyera m'phanga momwemo, chochita kuperekeredwa pathireyi, ndipo kuchimbudzi chimapitako ngati chinalembedwako ntchito. Mabel akati atseke maso pambuyo pa shifiti, amangomva madzi akukhuthuka, kenaka mapazi olemera akukhwekhwereza kubwerera kuchipinda.

Bennet nayenso, munthu wamkulu koma mutu wa mwana. Ntchito yake yoperekera katundu inkatha masana, ndipo m'malo mofuna ina yowonjezera, ankathamangira kunyumba kudzachita zachisuweni. "Akazanga mwadzuka bwanji?" Winayo ali, "Amunanga mwanditengera chiyani?" Nthabwala za kumudzi zija, zoti mwana wa amalume ndi mkazi wako. Mabel ankangopukusa mutu. Mkazi wake uti, thumba la makala limenelo? Nsanje munthu amachitira mkazi mnzake, osati chinthu chosadziwa ngakhale pamene pali chipeso.

Chanzeru chimodzi chokha chimene Bennet anachita chaka chonsechi n'kukonza chipindacho. Isanafike Khirisimasi anachipaka penti yachikasu, n'kuikamo hita yatsopano ndi makatani ochindikala. Mabel zinamukhudza ndithu, kuona mkamwini akukonzekera apongozi ake popanda womutuma. Koma taonani amene akumva kukoma! Hita ya mayi ake ikuwotcha msana wa chimbalangondo. Mabel anasiya kalekale kusuzumiramo m'chipindamo, poopa kuyankhula zoti akalape kutchalitchi.

Anazimitsa simbi. Anatenga matumba akuda a zinyalala kukhitchini, awiri, poti katundu wa mlesi sachuluka. Zoti apita kuti, akazionera yekha. Leicester ndi wamkulu, Amalawi ali mbwee, wina amutole. Bennet akati atsegule pakamwa, nayenso alandira thumba lake.

TV anaisiya ikulira, ndipo mawu a mzungu uja anamutsatira pamasitepe. Chachikazi, ankatero, chimalowa m'phanga chili kale ndi bere. Pakati pa chisanu, mu Januwale kapena Febuluwale, chimaswa ana momwemo mumdima, kunja kulibe wodziwa.

Mabel sanagogode. Agogoderenji m'nyumba mwake? Anakankha chitseko ndi bondo, matumba ali kumanja, mawu ali kale pamlomo.

Chijekete chija chinali pansi. Akuzike anali atatsamira mapilo, chimimba chili poyera, cha mwezi uno kapena wamawa. Pakona, pamene Mabel ankati padzakhala sutikesi ya mayi ake, panali kabedi ka khanda, kachikasu ngati khoma. Bennet sanamve n'chitseko chomwe. Anali atagwada pambali pa bedi, tsaya lili pamimbapo, akuseka ngati mwana.

"Wandimenya!" anatero. "Ameneyu akuwadziwa kale bambo ake."